Mphuno za Abiti Kasimu

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinapeza ntchito yanga yoyamba, ndipo ntchitoyo inali yonunkhiza. Tinkakhala m'mudzi wina wa asodzi kufupi ndi Senga Bay, kumene chinthu chilichonse chinkanunkha usipa, kuyambira zovala, makope a kusukulu, mpaka buku la nyimbo la kutchalitchi. Amayi ankayanika usipa pathandala n'kumagulitsa kwa amalonda ochokera ku Lilongwe, ndipo abambo ankatha miyezi ali kuchilumba cha Mbenji, kumene mkazi sapondako. Ine ndinali mwana wogona ali maso. Akandituma mchere ndinkatha kuima panjira mpaka ndiwo kupserera, chifukwa choti mphepo yabwera ndi fungo la mvula imene ikugwa kutali, kapena la phula amene wina akumatira bwato lake. Amayi ankati ndinabadwa ndi mphuno za galu ndi miyendo ya bilimankhwe.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala Abiti Kasimu, mayi wachisilamu, wamasiye, wamtali ndi woonda, wapakamwa pakuthwa. Ana analibe. Chimene anali nacho ndi luso lokonza mafuta onunkhira a akwatibwi, ndipo ukwati uliwonse wa m'dera lathu, wa kumzikiti kaya wa kutchalitchi, unkadzera pakhomo pawo. Ankayenga okha mafuta a nsatsi, n'kunyikamo makungwa a mitengo atawapera pamwala. Khungwa lina linali lopiringizika ngati ndudu, limene ankagula kwa amalonda a ku Tanzania. Abiti ankalitcha dalasini, pomwe m'masitolo amati sinamoni, ndipo lomwelo ankathiranso m'tiyi ndi m'zitumbuwa zawo za pa Idi. Lina linali la mlunguchulu, lonunkhira ngati ndimu, loti ukalitafuna lilime limachita dzanzi. Panalinso lina lofiira limene bambo wina ankawabweretsera kuchokera kumapiri, ndipo dzina lake sanauzepo munthu.

Nzeru yawo yaikulu inali yakuti mafuta amodzi sanunkhira chimodzimodzi pa anthu awiri. Ankati khungu lililonse lili ndi fungo lake, ndipo makungwa amayenera kugwirizana nalo monga mmene ndiwo zimagwirizanirana ndi mchere. N'chifukwa chake mkwatibwi ankabwera yekha, n'kukhala pamkeka. Abiti ankamudontheza mafuta pamkono, apa ena, apa ena, n'kudikira pang'ono kuti thupi liwatenthetse. Kenaka ankanyamula mkonowo mwaulemu, kutsinzina, n'kununkhiza. Azimayi onse ankakhala chete ngati ali m'mapemphero, mpaka Abiti atatsegula maso n'kunena kuti, "Awa ndiwo ake."

Chaka chimenecho, mphepo ya mwera itangotha, amayi anandiuza kuti ndizikawatungira madzi Abiti ndikaweruka kusukulu, poti chimfine chinali chitawagoneka milungu ingapo ndipo mphamvu zinali zisanabwerere. Ndinapita monyinyirika, chifukwa ndinkawaopa. Tsiku loyamba ndinatunga madzi. Tsiku lachiwiri ndinawauza kuti m'nyumba mwawo mwafera khoswe kuseri kwa thumba la makala, ndipo atasuntha thumbalo anamupezadi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatenga botolo lina, n'kulitsegula pansi pa mphuno zanga.

"Ukumva chiyani?"

"Akununkhira," ndinatero.

"Akununkhira! Limenelo ndi yankho? Ndi mbuzi yomwe ikhoza kunena zimenezo. Ndiuze bwinobwino, iwe Esinati."

Mawu a mafungo ndinalibe, choncho ndinanena zimene ndinkaona ndikatsinzina. Ndinati akununkhira ngati m'mawa wa tsiku la Khirisimasi, tiyi akuwira, koma chakumapeto kuli kafungo ngati ka thabwa latsopano limene lanyowa. Sanandiseke. Anangogwedeza mutu n'kutsegula botolo lina, ndipo kuyambira tsiku limenelo madzi ndinkatunga mothamanga kuti ndikhale pansi msanga.

Masana amenewo ndimawakumbukira ngati maloto. Abiti ankakwirira mabotolo mumchenga wotentha wa kuseri kwa nyumba, makosi okha ali panja, kuti dzuwa liphike mafutawo pang'onopang'ono. Tikawafukula, ndinkawayang'anitsa kudzuwa n'kumaona tizidutswa ta makungwa tikuyandama mwaulesi, mafuta atasanduka ofiirira ngati uchi. Mwala woperera unkalira kwee, kwee, nkhuku zili phee pamthunzi, ndipo fungo la dalasini linkanditengera kutali. Ndinkaona matauni amene sindinafikeko, a tinjira topapatiza ndi zitseko zikuluzikulu, kumene Abiti ankati amuna awo anakafikako ali mnyamata. Kusukulu aphunzitsi ankandimenya ndi choko pamphumi chifukwa cholota masana. Kwa Abiti kulotako ndiye kunali ntchito, ndipo malipiro ake anali kapu ya tiyi wa dalasini ndi chitumbuwa.

Ndinkaganiza kuti akundiphunzitsa. Zoona zake ndinazidziwa tsiku limene anatsegula botolo lina, n'kuliika pamphuno, n'kunena kuti, "Alihamudulila, apsa bwino." Fungo lake linandipeza ndili pakhomo. Mafutawo anali ataonongeka, akununkha ngati mtedza wovunda.

"Abiti, mafutawo avunda," ndinatero, ndisanaganize n'komwe.

Anatsitsa botololo pang'onopang'ono, n'kudzuka kukatseka chitseko. Atakhalanso pansi sanali Abiti amene ndinkawaopa aja. Anandiuza kuti chichokereni chimfine chija mphuno zawo zinafa. Tiyi ankangomva kutentha kwake, utsi ankaudziwa maso akayamba kuwawa, ndipo dziko lonse linali litasanduka madzi.

"Tamvera mwanawe," anatero motsitsa mawu. "Ine ndilibe mwana, ndilibe bwato, ndilibe munda. Chimene chimandikhazika pamkeka wa kutsogolo ndi mphuno izi. Akadzangodziwa kuti zinafa, azidzagula timabotolo ta perefyumu ta ku Salima, ine n'kukhala nkhalamba yongopatsidwa mbale kuseri. Usauze munthu. Ngakhale amako."

Ndinalumbira pa Baibulo limene panalibe, iwo n'kuvomera. Kunena zoona ndinachita mantha, komanso ndinanyada kwambiri. Ndinkayenda m'mudzimo ngati munthu wosenza mtsuko wodzaza, kuopa kuti wina angandigunde.

Tinapangana njira. Mkwatibwi akabwera, Abiti ankachita zonse monga kale, kudontheza, kudikira, kutsinzina, kununkhiza. Kenaka ankakuwa kuti, "Esinati, beseni!" Ine ndinkabwera kudzapukuta mkono wa mkwatibwi, nkhope nditaiweramitsa ngati mwana waulemu, n'kumakoka mpweya mwakachetechete. Ndikapita kuseri kukataya madzi, iwo ankanditsatira ngati aiwala kansalu kosefera, ndipo ndinkawanong'oneza. Ndikati mafuta a kumtunda kwa mkono akununkhira ngati tiyi, ankati, "Dalasini wachuluka. Mkwatibwi asamanunkhire tiyi, mwamuna angafunse mandasi." Zimene ndinkanena ine zinali zithunzi chabe. Amene ankadziwa kuti chithunzi chakuti chikutanthauza kuwonjezera khungwa liti, kapena kubweza botolo mumchenga, anali iwo. Maukwati angapo anadutsa choncho, ndipo akwatibwi ankachoka akununkhira mpaka agalu kuwatsatira.

Patapita nthawi anayamba kundifunsa ndi zina zomwe, zosakhudza mafuta. Tikakhala pakhonde ankati, "Ndiuze, lero kunja kukununkha chiyani?" Ndinkawauza za utsi wa nkhuni za mango kwa owamba nsomba, za sopo wa azimayi ochapa, za mvula imene ikadali kumapiri. Iwo ankatsinzina n'kumamvetsera monga mmene ena amamvetsera wailesi. Tsiku lina anatulutsa m'bokosi chipewa choyera cha malemu amuna awo, chimene ankavala popita kumzikiti, n'kundipatsa osandiyang'ana.

"Likadalimo?" anafunsa.

Ndinanunkhiza nthawi yaitali. Pamwamba panali fungo la bokosi basi. Koma m'mphepete, pamene pankakhudza mphumi, munali kafungo ka thukuta lakale ndi ka dalasini, patalipatali ngati nyimbo ya kumudzi wina. Ndinawauza choncho. Anachilandira ndi manja awiri n'kuchibwezera m'bokosi, ndipo tsiku limenelo sitinapere makungwa.

Vuto linabwera ndi ukwati wa Mariamu, mwana wa bambo wina amene anali ndi mabwato a injini. Unali ukwati waukulu, woitana abale a ku Chinguluwe ndi a kutauni. Akuchikazi anatumiza mawu akuti mkwatibwi sayenda, Abiti abwere ndi mabotolo awo adzamusankhire mafuta m'nyumba ya chilangizo. Aliyense wa kwathu amadziwa tanthauzo lake. M'nyumba imene anankungwi akulangiza mkwatibwi simulowa mwana wosatha msinkhu, ngakhale atakhala wonyamula beseni. Abiti atamva uthengawo anangoti, "Inshala."

"Mungonena kuti mwadwala," ndinawauza.

"Ndikakana wa Mariamu, ndakana onse," anayankha. "Ndipita. Ndikalasa mwachisawawa, Mulungu akandiongolere dzanja."

Tsikulo linafika. Kunali m'mawa, dzuwa litayamba kale kuwotcha mchenga. Ndinasenza dengu la mabotolo mpaka pakhomo pa nyumbayo, ndipo pamenepo ndinakumana ndi anankungwi aakulu a m'mudzi mwathu, mayi wonenepa wa mawu ngati ng'oma, amene ana tonse tinkathawa tikawaona. Anandilanda dengulo n'kundiloza ndi chala.

"Iwe, kutali! Za muno si za ana. Ndikakuona pazenera ndikudula makutu."

Abiti analowa osacheuka. Ine ndinakakhala kuseri kwa nyumbayo, pansi pa mtengo wa papaya, pamene panali pataliko ndi zenera koma mawu ankamveka. Ndinamva nyimbo za azimayi, kuseka, kenaka bata limene ndinkalidziwa bwino. Ndinadziwa kuti mafuta adonthezedwa ndipo Abiti anyamula mkono wa Mariamu. Batalo linatalika kuposa masiku onse. Ndinkawaona m'maganizo mwanga atatsinzina, akununkhiza madzi, azimayi a kutauni akuyamba kuyang'anizana. M'dengumo munali botolo limodzi limene dalasini wake anali waukali, loyenera khungu la anthu ochepa okha, ndipo ndinkaopa kuti dzanja lawo ligwera pomwepo. Ndinapemphera pemphero la Ambuye mpaka pakati, n'kuiwala mawu ake.

Kenaka ndinamva mawu a anankungwi aja. "Abiti, musafulumire, thupi la mwanayu lazizira ndi mantha. Tiyeni timupukute thukutali, mafuta ayambe alowa." Chitseko cha kuseri chinatseguka, ndipo anankungwiwo anatuluka akung'ung'udza za kutentha, atagwira tinsalu tiwiri, kena kudzanja ili kena kudzanja ilo. Ndinadzuka kuti ndithawe, koma anandigwira paphewa n'kundikhazika pansi.

"Nunkhiza msanga, iwe mphuno za Abiti," ananong'ona. "Aka n'ka pamkono wamanja, aka n'ka wamanzere."

Ndinaganiza kuti ndine ndaulula, mwina polota usiku, mwina ndi nkhope yangayi. Misozi inayamba kutuluka.

"Sindinauze munthu ine," ndinatero.

"Ndani wati unauza munthu? Pukuta mamina, angatseke mphunozo. Fulumira!"

Ndinanunkhiza. Kansalu ka kumanja kanali ka botolo laukali lija, ndipo pakhungu la Mariamu linali litasanduka tiyi weniweni. Ka kumanzere kanandichititsa kutsinzina. Ndinawauza kuti kakununkhira ngati munthu wasenda ndimu atakhala m'bwato latsopano, mvula itangosiya. Anankungwi anabwereza mawuwo kawiri ngati mwana woloweza vesi, n'kubwerera m'nyumba.

Ndinakwawira pansi pa zenera, za makutu anga nditaiwala. Ndinawamva akuyankhula mokweza, ngati akungocheza. "Ine mphuno zanga n'zopusa, Abiti, mundikhululuke polowerera ntchito yanu. Koma mkono wamanjawu ukundikumbutsa tiyi. Wamanzerewu ukunga munthu wasenda ndimu atakhala m'bwato latsopano, mvula itangosiya."

M'mudzi monse munali munthu mmodzi yekha woyankhula zopusa zotere, ndipo Abiti ankamudziwa. Ndinadziwa kuti panthawi imeneyo azindikira zonse, kuti chinsinsi chathu chili m'manja mwa mayi woopsa uja, ndipo mwina mwa ena onse okhala pamkekapo. Ndinkadikira kumva botolo likusweka, kapena chitseko chikumenyetsedwa. M'malo mwake ndinamva mawu a Abiti, akuthwa monga kale.

"Mwayamba liti kununkhiza, inu? Bweretsani mkonowo kuno." Panapita kanthawi. "Wamanzere. Awa ndiwo ake. Koma ndiwonjezeramo khungwa lofiira pang'ono, ndimu payekha sakhalitsa pathupi."

Nthungululu zinalira, ndipo nyimbo inayambanso.

Pobwerera sanandiyankhule. Ankayenda patsogolo, msana uli chilili, ine pambuyo ndi dengu. Atafika analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, tiyi osandipatsa. Ndinapita kwathu ndili ndi chisoni chachikulu, poganiza kuti ntchito yawo yatha ndipo yanga yathera pomwepo. Amayi anandipeza ndikulira kuseri kwa thandala. Nditalephera kupirira ndinawafunsa ngati nawonso ankadziwa.

Anaseka pang'ono, akutembenuza usipa. Anandiuza kuti Abiti atangodzuka pa chimfine chija anabwera kudzagula chambo. Pambali panali dengu la nsomba zimene amayi anazipatula kuti zayamba kuwola. Abiti anatolamo imodzi, n'kuinunkhiza mwaukatswiri, n'kunena kuti iyi ndiye yabwino. Amayi anaisinthitsa mwakachetechete poikulunga. Madzulo ake anakauza anankungwi, ndipo awiriwo anagwirizana kuti pali mwana wina waulesi amene mphuno zake zikungowonongeka ndi kununkhiza mvula.

"Ndiye madzi aja?" ndinafunsa.

"Madzi Abiti amatha kutunga okha," anatero amayi. "Mnzako akapsa ndevu umamuzimira, Esinati. Koma suitana mudzi wonse kuti udzaone pamene papserera."

Ndinafunsa kuti akudziwa ndi angati. Amayi anati azimayi onse a m'mudzimo, koma osati amuna, poti amuna ngakhale uwaike dalasini m'mphuno amangoti ndiwo zili kuti.

Mawa lake ndinakhala pakhonde osadziwa ngati ndipiteko. Dzuwa linakwera, nkhuku zinalowa pamthunzi, kuseri kwa mpanda kuli zii. Kenaka ndinamva mwala uja ukulira kwee, kwee, ndipo mawu anadumpha mpanda.

"Esinati! Madzi a lero atunga ndani? Amake Esinati, mwana wanuyu ulesi anautengera kwa yani?"

"Kwa abambo ake, Abiti!" amayi anayankha, ndipo anandikankha ndi phazi kuti ndinyamuke.

Nkhaniyo inathera pomwepo. Abiti sanainenepo, azimayi sanainenepo, ndipo anapitiriza kusankhira akwatibwi mafuta zaka zambiri, akutsinzina monga kale, azimayi ali chete monga kale. Nditatha msinkhu ndinayamba kulowa nawo m'nyumba za chilangizo, ndipo tinsalu sitinafunikenso. Fungo silinabwerere m'mphuno zawo mpaka imfa yawo.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndine ndinapulumutsa Abiti, ine ndi mphuno zanga za galu. Lero ndikuona kuti mtsuko umene ndinkayenda nawo mwamantha uja unali wogwiriziridwa ndi manja ambiri amene sindinkawaona. Azimayi aja akanatha kuwamvera chisoni poyera, kuwatumizira ufa ndi ndiwo, n'kumagula perefyumu ku Salima. Abiti sakanagona ndi njala, koma akanafa ali moyo. Azimayiwo anasankha chovuta, chomwe ndi kuthandiza munthu n'kumusiyira ulemu wake wonse, ndipo Abiti nawo anasankha chovuta, kulandira thandizolo n'kudzukanso m'mawa kukapera makungwa. Ndakhala m'tauni zaka zambiri tsopano, ndipo ndaona anthu ambiri othandiza anzawo atanyamula foni kuti ajambule. Ndikawaona ndimakumbukira mayi wonenepa uja akutuluka pakhomo la kuseri ndi tinsalu tiwiri, akunamizira kutentha.

Ukwati wanga unali umodzi mwa omaliza amene Abiti anakonzera mafuta. Anali atakalamba, maso atachita ng'ala, koma anakana kuti wina agwire mabotolo awo. Ndinakhala pamkeka womwe uja, amayi ndi azimayi ena atatizungulira. Anandidontheza mafuta apa ndi apa, n'kudikira, kenaka ananyamula mkono wanga ndi manja awo owuma, n'kutsinzina. Nyumba yonse inali chete. Anaweramira pafupi ngati akununkhiza, n'kunong'ona kuti ndimve ndekha.

"Ndiuze mwanawe, ndikumva chiyani?"

Ndinawerama ngati ndikukonza chitenje, n'kununkhiza mkono wanga. Ndinawauza kuti wamanjawu ukununkhira ngati masana kuseri kwa nyumba yawo, mchenga utatentha, tiyi ali pamoto. Chala chawo chinasisita mkono wanga. Kenaka anatsegula maso n'kuyang'ana azimayi onse aja mmodzimmodzi.

"Ameneyu tiyi amamukhala," anatero mokweza. "Awa ndiwo ake."